Pekitini wa m'zomera za m'madzi: zosterin, lemnan, ndi ntchito zimene amagwiradi

Pekitini amene ophika jamu amagula m'mapaketi amachokera pafupifupi yense ku makoko a ndimu ndi malalanje, ndi ku zotsalira za maapulo akafinyidwa. Wambiri mwa ameneyu salimba pokhapokha shuga apitirire theka la kulemera kwa jamu yense, asidi nayenso akhale wokwanira. Pali pekitini wina amene samvera lamulo limenelo. Amapezeka m'zomera ziwiri za m'madzi zomwe poziona simungaganize kuti zili pachibale, ngakhale zili pachibale ndithu: udzu wa m'nyanja yamchere wotchedwa Zostera marina, ndi timasamba tating'ono tobiriwira toyandama pamadzi odikha, Lemna minor. Wochokera ku udzuwo amatchedwa zosterin, wochokera ku timasambato lemnan.

Zostera si ndere. Zolimbitsa zakudya monga agar, carrageenan ndi alginate zimachokera ku ndere za m'nyanja, koma Zostera ndi chomera cha mizu, chochita maluwa ndi mbewu pansi pa madzi, ndipo n'chifukwa chake m'masamba mwake muli pekitini monga zomera za kumtunda. Amamera m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja za kumpoto kwa dziko lapansi. Nkhani ya zosterin kwenikweni ndi ya ku Russia. V. I. Miroshnikov anamuchotsa koyamba mu 1940, kenako cha m'ma 1968 Raisa Ovodova, Yuri Ovodov ndi anzawo ku Vladivostok anayamba kufotokoza mmene anapangikira. Ku America, Hart ndi Kindel anachotsa pekitini wa mtundu womwewo mu Lemna minor mu 1970, ndipo gulu la Ovodov litakhazikika ku Syktyvkar linapitiriza ntchito ya lemnan cha m'ma 2000.

Chimene chimamusiyanitsa

Msana wa pekitini aliyense ndi unyolo wa tizigawo ta galacturonic acid, ndipo kachigawo kalikonse kali ndi mbali ya asidi. M'pekitini wamba wa ndimu, zoposa theka la mbali zimenezi n'zotsekedwa ndi kagulu kakang'ono ka maatomu kotchedwa methyl. Mu zosterin zotsekedwa n'zochepa kwambiri, kawirikawiri zosafika 10 pa 100 zilizonse. Zotsala zonse zili poyera, ndipo zimagwira msanga kashiamu, mtovu, mkuwa ndi zitsulo zina zosungunuka m'madzi. Kashiamu akalowa pakati pa maunyolo awiri amawalumikiza, iye n'kukhala m'timipata monga mazira amakhalira m'thireyi yawo. Maunyolo ambiri akalumikizana chotero madzi amatsekeredwa pakati, chinthu chija n'kulimba. Shuga alibe gawo lalikulu pamenepa.

Chachiwiri ndi apiose, shuga wosowa amene anapezeka koyamba mu parsley. M'zomera zambiri za kumtunda alimo pang'ono zedi. M'zomera ziwirizi ngwochuluka, wolendewera kumbali kwa unyolo mmodzimmodzi kapena awiriawiri. Hart ndi Kindel anapeza kuti mu Lemna muli mitundu ingapo ya pekitini ameneyu, ina ya apiose wosafika 10 peresenti, ina yoyandikira 40 peresenti, ndipo ya apiose wambiri sinkadulidwa ndi pectinase, chomwe chimaswa pekitini wamba mosavuta. Koma apiose amathothoka msanga mu asidi wotentha. Mfundo iyi ndiyo imalamulira kachotsedwe konse. Ku fakitale ya pekitini wa ndimu makoko amatenthetsedwa kwa maola mu asidi wa pH 1.5 mpaka 2.5 (pH ndi muyeso wa asidi: nambala ikatsika, asidi ndi wamphamvu), pa madigiri 70 mpaka 90. Mukachita zimenezo ndi Zostera mutaya pawiri: apiose achoka, ndiponso pekitini wopanda methyl sasungunuka bwino mu asidi, kotero wambiri amatsalira m'masamba momwemo.

Kupeza zomera zake

Kuchepa kwa zosterin pamsika kumayambira apa. Minda ya udzu wa m'nyanja ndi moberekerana nsomba, ndipo ikazulidwa imachedwa kubwerera. M'zaka za m'ma 1930 matenda obwera ndi kachilombo ka Labyrinthula zosterae anapha pafupifupi 90 peresenti ya Zostera ya kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, ndipo malo ena sanabwererebe mwakale. Njira yoyenera ndi kutola masamba amene mafunde ataya kugombe, akadali atsopano. Amene agona pamchenga milungu ingapo amakhala atayamba kuola, maunyolo a pekitini ataduka, ndipo chimene mungachotsemo sichilimba. M'Nyanja ya Malawi mulibe Zostera chifukwa madzi ake si amchere. Wachibale wake, Zostera capensis, amamera ku Maputo Bay ndi Inhaca ku Mozambique, ndi ku Knysna ku South Africa, koma minda yake ndi yaing'ono, yofunika kutetezedwa osati kukololedwa.

Lemna ndiye wosavuta. Amamera m'maiwe ndi m'madamu a nsomba, ndipo pa nyengo yofunda, m'madzi a chonde, amachulukana kawiri m'masiku 2 kapena 3. Musamusokoneze ndi namasupuni wa mu Shire, amene ndi chomera china chachikulu. Lemna katsamba kake sikaposa mamilimita 8, kali ndi kamuzu kamodzi. Vuto lake ndi madzi: pafupifupi 94 peresenti ya kulemera kwake ndi madzi, kotero makilogalamu 10 aawisi amatsala magalamu pafupifupi 600 akauma, ndipo pekitini wotulukamo ndi magalamu makumi angapo chabe. Vuto lina n'lakuti khalidwe lomwe lija logwira zitsulo limayamba chomera chikadali m'madzi. Lemna wa m'maiwe a zonyansa za m'tauni kapena wa kumunsi kwa fakitale amakhala atanyamula kale mtovu ndi zina zotero. Wofuna pekitini wa chakudya alime Lemna wake m'madzi amene akuwadziwa.

Kachotsedwe

Miyeso ili m'munsiyi ndi ya magalamu 100 a masamba ouma. Ndi ntchito ya mu labotale kapena ya fakitale yaing'ono yokhala ndi sikelo ya magalamu, choyezera kutentha ndi timapepala toyezera pH. Chiwiya chikhale cha galasi, cha enamelo kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri. Poto wa chitsulo wamba amadetsa pekitini, wa aluminiyamu amadyeka ndi mankhwalawa, ndipo mapoto osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zakale nthawi zina amakhala ndi mtovu, umene pekitini ameneyu angautole wonse.

Yambani ndi kutsuka. Zostera anyikidwe m'madzi opanda mchere, kusintha madzi katatu kapena kanayi mpaka mchere ndi mchenga zithe. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo, kenako perani kuti tizidutswa tikhale ta milimita 1 kapena 2. Mukapera mpaka kukhala ufa wosalala mudzavutika posefa, chifukwa nsalu imatsekeka. Nyikani tizidutswato usiku umodzi mu ethanol (mowa wa mu labotale) wa 70 mpaka 80 peresenti kuti achotse kubiriwira ndi zinthu zina zimene zimadetsa ndi kuwawitsa pekitini. Mu ethanol wamphamvu chotero pekitini sasungunuka, ndiye palibe chimene mukutaya.

Chotsatira ndi asidi wofooka, ndipo apa m'pofunika kudziletsa. Nyikani masambawo m'malita 2 a madzi othiridwa hydrochloric acid pang'ono, pH ikhale pakati pa 2 ndi 4, kutentha kusapitirire madigiri 50, kwa maola 2 kapena 3. Cholinga si kusungunula pekitini ayi, koma kuchotsako kashiamu ndi magineziyamu amene amumangirira m'makoma a maselo. Madziwo tayani, masamba muwatsukuluze ndi madzi a mvula kapena otchezedwa mpaka asidi athe. Mukatsukuluza ndi madzi a pamjigo okhala ndi kashiamu wambiri mwabwezera chimene munachotsa.

Tsopano sungunulani magalamu 10 a ammonium oxalate pa lita iliyonse ya madzi, malita 2 mpaka 3. Ikanimo masamba aja, kutentha kukhale pa madigiri 70 kwa maola 3 mpaka 5, mukutakasa pafupipafupi. Oxalate amalanda kashiamu wotsala, maunyolo amamasuka n'kulowa m'madzi, ndipo madziwo amayamba kutelera m'zala. Musawiritse. Sefani akadali otentha, poyamba ndi nsalu yoyera yopindidwa kanayi, kenako ndi sefa yabwinopo, popeza akazizira amakhuthala n'kukana kudutsa. Zotsalira zibwezereni m'madzi atsopano a oxalate kachiwiri. Ulendo wachitatu nthawi zambiri subweza mtengo wa mankhwala.

Madzi osefedwawo aphwetsedwe mpaka atsale gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, pa kutentha kosapitirira madigiri 60 mpaka 70. Kuphwetsaku kumapulumutsa ethanol, yemwe ndiye amadya ndalama zambiri pa ntchito yonseyi. Akazizira, athireni pang'onopang'ono mu ethanol wa 95 peresenti, miyeso 2 kapena 3 ya ethanol pa muyeso umodzi wa madzi, mukutakasa. Pekitini amaonekera ngati ulusi wolendalenda. Masamu ake ndi osavuta: miyeso 2 ya ethanol wa 95 ndi muyeso umodzi wa madzi zimapereka pafupifupi 63 peresenti, ndipo mukatsika kwambiri pamenepo wambiri amatsalira wosungunuka. N'chifukwa chake kachasu kapena mowa wa m'botolo wa 40 peresenti sungagwire ntchitoyi ngakhale mutathira wochuluka bwanji. Spiriti wa pepo woyatsira moto amagwetsadi pekitini, koma ali ndi poizoni ndipo sayenera kuyandikira chinthu chodyedwa.

Gawo limene anthu amalithamangira, pomwe ndilo lofunika koposa, ndi kutsuka oxalate. Ammonium oxalate ndi poizoni, amawononga impso, ndipo sasungunuka bwino mu ethanol wamphamvu, kotero wina amagwera pansi limodzi ndi pekitini. Kutsuka ndi ethanol wa 95 sikumuchotsa. Tsukani ndi wa 60 mpaka 70 peresenti, maulendo angapo, ndipo ulendo uliwonse tengani pang'ono madzi otsukirawo, onjezani madzi oyera, donthezani calcium chloride wosungunula. Akachita mbuu, oxalate adakalimo. Ma labotale amagwiritsa ntchito dialysis kapena masefa a ultrafiltration pa chifukwa chomwechi. Amene alibe njira yotsimikizira kuti oxalate watha asadye pekitini wotere; m'malo mwa oxalate agwiritse ntchito sodium citrate, amene amaloledwa m'zakudya, ngakhale amatulutsa pekitini wocheperapo. Pomaliza tsukani kamodzi ndi ethanol wa 95 kuti aume msanga, umitsani pa madigiri osapitirira 50, perani, sungani m'botolo lotseka bwino. Pa Zostera wabwino yembekezerani magalamu pafupifupi 10 kapena kupitirirako pang'ono.

Pali njira ina yosafuna ethanol wambiri: kuthira asidi m'madzi osefedwa aja, ali ozizira, mpaka pH itsike pa 2, pekitini n'kuundana yekha. Imagwira ntchito, koma ziwiri zimavuta. Akakhalitsa mu asidimo, makamaka pofunda, apiose amayamba kuthothoka. Ndiponso ufa wotulukapo susungunuka m'madzi mpaka muuthire soda pang'onopang'ono kuti pH ikwere kufika 6 kapena 7. Ambiri amene amadandaula kuti ufa wawo ukungokhala pansi m'kapu ali ndi pekitini wa mtundu umenewu, sikuti waonongeka.

M'jamu ndi mumkaka

Pa kilogalamu imodzi ya zipatso zophwanya, yambani ndi magalamu 8 mpaka 10 a pekitini ndi magalamu 250 mpaka 300 a shuga. Pekitini wogulitsidwa wa methyl wochepa amafuna mamiligalamu 20 mpaka 40 a kashiamu pa galamu iliyonse. Zosterin amagwira kashiamu mwaukali kuposa pamenepo, ndipo zipatso zimabwera ndi kashiamu wawo, kotero ndi bwino kuyambira pa mamiligalamu 10 mpaka 15 n'kumakwera pa miphika yotsatira. Calcium lactate ali ndi kashiamu pafupifupi 13 peresenti, choncho mamiligalamu 130 a kashiamu ndi galamu imodzi ya ufawo. Calcium chloride wa mtundu wotchedwa dihydrate ali ndi 27 peresenti, koma amawawa ndipo amagwira mofulumira kwambiri. Lactate ndi wofatsa.

Ndondomeko yake ndi imene imasiyanitsa jamu wosalala ndi wa mibulu. Sakanizani ufa wa pekitini ndi shuga wouma wolemera kasanu kuposa iye, kuti tinjere tisamatirane. Thirani m'mamililita 250 a madzi a mvula kapena otchezedwa, otentha kupitirira madigiri 80, mukutakasa mwamphamvu mpaka asungunuke yense. Kenako thirani m'zipatso zimene zikuwira, onjezani shuga wotsala ndi madzi a ndimu. Kashiamu abwere pomaliza, atasungunulidwa m'madzi okwana masupuni akulu 4 kapena 5, jamu akadali wotentha kwambiri, mukutakasa. Thirani m'mabotolo nthawi yomweyo, kutentha kusanatsike pa madigiri 85.

Mibulu imabwera kashiamu akakumana ndi pekitini asanasungunuke, kapena pamene mphika wayamba kuzizira. Madzi a pamjigo okha angachite zimenezi m'madera amene ketulo imachita zoyera mkati. Jamu amene walimba mothetheka, n'kumatulutsa madzi pamwamba patapita masiku, wachulukira kashiamu. Galamu imodzi kapena 2 za sodium citrate pa kilogalamu zimagwirako kashiamu wina n'kumutulutsa pang'onopang'ono. Jamu wosalimba konse mwina wachepa kashiamu, mwina pekitini anaduka maunyolo pochotsedwa. Kuti mudziwe, tengani supuni imodzi, tenthetsani, donthezanimo kashiamu. Ikalimba, vuto linali kashiamu. Jamu amene mwamutakasa atayamba kale kulimba sabwereranso bwino pokhapokha mumutenthetsenso.

Chenjezo lalikulu lili pa asidi. Pekitini wamba sangalimbe ngati asidi ndi wochepa, kotero kulimba kwa jamu kumakuuzani kuti asidi alimo. Zosterin amalimba ngakhale pa pH 5 kapena 6. Papaya wakupsa pH yake imapitirira 5, mango ena okupsa kwambiri amayandikira pamenepo, ndipo pH ikapitirira 4.6 m'botolo lotsekedwa, kachilombo ka Clostridium botulinum kangathe kukula popanda fungo kapena chizindikiro. Yezani, ndipo tsitsani ndi madzi a ndimu mpaka 3.3 kapena 3.6, pa papaya pamafunika ochuluka ndithu. Shuga wochepa satetezanso ku nkhungu. Mabotolo otsekedwa awiritsidwe m'madzi mphindi 10 kumalo otsika monga ku Nsanje, ndi mphindi 20 kumalo okwera monga Lilongwe, kumene madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97. Botolo likatsegulidwa likhale mu firiji ndipo lithe m'milungu 2 kapena 3.

Mumkaka simufunika kuthira kashiamu, chifukwa mamililita 100 aliwonse ali kale ndi mamiligalamu pafupifupi 120. Ufa ukathiridwa mwachindunji mumkaka umachita mibulu nthawi yomweyo. Usungunuleni kaye m'madzi otentha, magalamu 2 mpaka 5 pa lita ya mkaka, n'kuthira mumkaka wotentha.

Kunena zoona, pa jamu yekha palibe chifukwa chosakira zosterin. Pekitini wa ndimu wochotsedwa methyl amagulitsidwa, ngwotsika mtengo, ndipo khalidwe lake silisinthasintha. Ufa wa malambe nawonso uli ndi pekitini wambiri wa methyl wochepa, n'chifukwa chake umakhuthalitsa msanga mkaka ndi madzi.

Mtovu ndi zitsulo zina

Mbiri ya zosterin ku Russia yagona pa zitsulo. Mbali za asidi zija zimakonda mtovu ndi mkuwa kuposa kashiamu, kotero mtovu ukafika umakankha kashiamu n'kukhala pamalo pake. Kuyambira nthawi ya Soviet Union, ogwira ntchito zokhudza mtovu ankapatsidwa magalamu 2 a pekitini pa tsiku m'zakudya monga jamu ndi madzi a zipatso, ndipo lero ku Russia zosterin amagulitsidwa ngati chakudya chowonjezera, osati mankhwala ochiritsa.

Malire ake ayenera kumveka bwino. Pekitini wa maunyolo aatali salowa m'magazi. Amagwira chitsulo chimene chili m'matumbo n'kutuluka nacho m'chimbudzi. Mtovu umene wakhazikika kale m'mafupa saufikira. Mwana wa ku Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi lidakali ndi poizoni, akapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi amafunika kuchotsedwa pa fumbi limenelo ndi kulandira mankhwala a kuchipatala monga succimer. Pekitini salowa m'malo mwa zimenezo. Zambiri zimene otsatsa malonda amanena zokhudza zilonda za m'mimba, chitetezo cha m'thupi ndi khansa zinachokera ku kuyesa pa mbewa ndi m'machubu, ndipo zimenezo si umboni wa kuchira kwa munthu. Dziwaninso kuti pekitini sasankha: amagwira ayironi ndi zinki za m'chakudya, ndipo amachepetsa kulowa m'thupi kwa mankhwala ena monga digoxin ndi tetracycline. Womwa mankhwala asiyanitse ndi pekitini maola osachepera 2, ndipo auze dokotala wake.

Poyeretsa madzi ntchito yake imaoneka ndi maso. Sungunulani magalamu 2 kapena 3 a pekitini m'mamililita 100 a madzi otchezedwa, donthezani ndi sirinji m'madzi a calcium chloride wa 2 peresenti. Dontho lililonse limalimba kukhala kampira. Tisiyeni momwemo mphindi 30, tsukuluzani, tiikeni m'chubu chimene madzi oipitsidwa azidutsamo pang'onopang'ono. Timagwira bwino pa pH 4 mpaka 6. Pansi pa pH 3, mbali za asidi zimatsekeka ndipo chitsulo chimamasuka, zomwe zimathandiza potsuka timipirato kuti tigwirenso ntchito, koma zimatanthauzanso kuti madzi a asidi a kumigodi ayenera kukonzedwa pH kaye. Timipira tikatuluka ndi michira, ndiye kuti madzi a pekitini akhuthala kwambiri kapena sirinji ili pafupi kwambiri ndi madzi. Kwezani masentimita 5 mpaka 10. Tikayamba kufewa n'kusungunuka m'chubu, m'madzimo muli phosphate, citrate kapena mchere wambiri umene ukulanda kashiamu. Timipira todzaza ndi mtovu ndi zinyalala za poizoni, ndipo pekitini akaola m'dothi mtovu wonse umatsalira pomwepo, kotero sititayidwa kudzala kapena kumunda.